Mwana anabwera kudzakonzekera opaleshoni ya machende, tinapeza matenda obadwa nawo a Noonan syndrome, kusintha kwa jini ya PTPN11, mwa iye ndi mwa mayi ake omwe

Nkhani iyi ndikulembera makamaka anzanga amene timaona ana tsiku ndi tsiku, madokotala ndi manesi, chifukwa mwana ameneyu anadutsa m'manja mwa anthu ambiri ndipo aliyense anagwira ntchito yake bwino ndithu, wa mtima anaona mtima, wa zakadyedwe anaona sikelo, wa opaleshoni anaona machende, koma panalibe amene anatenga zonsezi n'kuziika patebulo limodzi. Dzina sinditchula ndipo tina ndi tina ndasintha kuti banjali lisadziwike. Mayi ake anavomera kuti ndilembe.

Mmene anabwerera

Mnyamata wa zaka 3 ndi miyezi 4. A opaleshoni anamutumiza kwa ine kuti ndingomuona ngati angathe kugonekedwa, poti machende onse awiri sanatsike komanso anali ndi mbiri ya vuto la mtima. Kalata yake inali mizere itatu basi. Opaleshoni imeneyi bwenzi itachitika kalekale asanakwane miyezi 18, koma ankangoikankhira kutsogolo chifukwa cha mtimawo.

Ndinayambira pa mimba. Mayi anati pa sikani anawauza kuti madzi achuluka m'chiberekero komanso kumbuyo kwa khosi la mwana kukuoneka kotupa. Anayeza makromozomu n'kupeza 46,XY, makromozomu abwinobwino a mnyamata, zonse zili m'malo, nde aliyense mtima unakhala pansi. Anabadwa pa nthawi yake ndi makilogalamu 3.4 koma anali wotupikana, ndipo sabata yoyamba sikelo inatsika kwambiri madziwo atachoka m'thupi. Kuyamwa inali nkhondo, akangoyamwa pang'ono watopa, kenako kusanza, mpaka anamudyetsapo ndi kapaipi ka m'mphuno kwa masabata angapo. Ali ndi miyezi iwiri nesi anamva murmur, kaphokoso kachilendo mu mtima, ndipo eko, sikani ya mtima, inasonyeza kuti valavu yotulutsira magazi kupita ku mapapo ndi yopapatiza komanso yokhuthala, pulmonary stenosis ija. Ali ndi miyezi 14 anamulowetsa kabaluni kudzera mumtsempha wa pamphechepeche kuti akulitse valavuyo, zinathandiza koma osati mmene ankayembekezera. Anayamba kuyenda ali ndi miyezi 20. Amalankhula timasentensi tifupitifupi, amamva zomwe wauzidwa, ndipo ndi mwana wansangala kwabasi.

Apa m'pamene ndinafunsa funso lomwe linatembenuza nkhani yonse. Ndinati, "Mayi, tsiku la kabaluni lija, pabala paja magazi anasiya msanga?" Iwo anati ayi adokotala, anesi anakanikiza nthawi yaitali mpaka kusinthana, bandeji ananyowetsa ziwiri. Kenako anaonjezera okha kuti mwanayu kamfuno sikamusowa, ndipo akangogunda pampando mawa lake pada. M'buku mwake munalibe chiganizo olo chimodzi chokhudza zimenezi.

Pomuyeza, kutalika masentimita 88, sikelo makilogalamu 11.5, zonse pansi pa mzere wa minus 2 pa tchati cha msinkhu wake. Maso otalikirana ndipo ngodya zakunja zopendekera pansi, zikope zam'mwamba zolendewera moti akafuna kundiyang'ana amadzutsa chibwano. Makutu ali m'munsi komanso otembenukira kumbuyo, khosi lalifupi, tsitsi lakumbuyo lotsika mpaka pafupi ndi mapewa. Chifuwa chotukuka kumtunda, cholowa mkati kumunsi, timawere totalikirana. Murmur imamveka bwino kumtunda kumanzere kwa fupa la pachifuwa. Kapamba ndi chiwindi sizinali zotupa. Mikwingwirima inalipo m'miyendo, zomwe mwana aliyense wothamanga amakhala nazo, koma inalinso pamsana ndi pamkono pomwe mayi amamugwira pomunyamula. ECG, yoyeza magetsi a mtima, inasonyeza left axis deviation, magetsiwo kupendekera kumanzere, chinthu chomwe pulmonary stenosis wamba siimabweretsa koma mu Noonan syndrome chimaoneka kawirikawiri.

Nditamaliza kulemba ndinadzutsa mutu kuti ndiwafotokozere mayi, nde ndi pamene ndinawayang'ana bwinobwino koyamba. Mayi wamfupi, chikope chakumanzere chogwa, makutu omwe aja, khosi lomwe lija. Mphindi 20 zonse ndinali maso pa mwana ndi papepala pomwe yankho lina linali litakhala pampando patsogolo panga, ndipo zimenezi zinandikhudza chifukwa mayi ameneyu anakhala pamipando ya zipatala zaka zitatu zathunthu ali ndi mwana pamiyendo osapezeka womufunsa za thanzi lake iye mwini.

Zoyeza

Opaleshoni ndinapempha kuti iyambe yaima. A opaleshoni sanakondwe poyamba, sinanga mwana wachedwa kale, koma nditawauza za bandeji ziwiri zija anamvetsa. Full blood count inali bwino, mapulateleti okwana, ma monocyte (mtundu wina wa maselo oyera) osakwera. Pa mayeso awiri a nthawi yomwe magazi amatenga kuti aundane, PT inali bwino koma aPTT inali yotalika, ndipo titayeza ma factor, mapuloteni oundanitsa magazi, tinapeza factor XI yotsika, 38 peresenti. Eko yatsopano inasonyeza kuti valavu idakali yopapatiza pang'ono koma mnofu wa mtima sunakhuthale. Sikani ya impso inali bwino. Magazi ena tinatumiza ku labu ya majini kuti ayeze gulu lonse la majini a njira ya RAS, yomwe uthenga umadutsamo mkati mwa selo, ndipo patatha masabata angapo pepala linabwera: PTPN11, c.922A>G, p.Asn308Asp, pa kope imodzi mwa ziwiri. Mwachidule timati N308D. Kusintha kumeneku ndi komwe kumapezeka kwambiri kuposa kwina kulikonse mwa anthu a Noonan syndrome.

Jini imeneyi ndi chiyani kwenikweni

Apa ndikhalitsapo pang'ono chifukwa ambiri a ife timangoloweza kuti PTPN11 ndi Noonan basi osadziwa chomwe chikuchitika mkati mwa selo, pomwe chimenecho ndi chomwe chimapangitsa kuti valavu, msinkhu ndi magazi zikhale nkhani imodzi.

Maselo amatumizirana mauthenga. Uthenga woti kula, gawikana, kapena sanduka mtundu wakutiwakuti wa selo umafika pakhoma la selo n'kugwira receptor, puloteni yolandira uthenga, ndiye mkatimo enzaimu yotchedwa kinase imamata fosifeti pa amino acid yotchedwa tyrosine yomwe ili pa mapuloteni ena. Fosifeti ikamatidwa puloteni ija imasintha khalidwe, uthenga n'kupitirira. Kumata kwa pa tyrosine kumeneku anakutulukira ndi Tony Hunter mu 1979. Koma chomata chimafuna chomatula, ndipo omatulawo ndi ma tyrosine phosphatase, woyamba mwa iwo, PTP1B, anamupatula ndi Nick Tonks mu 1988. Munthu ali ndi majini a ma phosphatase a banja limeneli oposa 100. Nde kaganizidwe kophweka kamakhala koti kinase imayatsa, phosphatase imazimitsa. Kwa ambiri n'zoona ndithu, koma kwa PTPN11 ayi.

PTPN11 ili pa kromozomu 12, pamalo otchedwa 12q24, ndipo imapanga puloteni ya ma amino acid 593 yotchedwa SHP2. Puloteniyi ili ndi zigawo ziwiri za SH2 kutsogolo, zomwe ntchito yake ndi kugwira tyrosine yomatidwa fosifeti, kenako chigawo cha PTP chomwe ndi mpeni weniweni womatulira, pomwe pali cysteine 459. Mu 1998 akatswiri ataona kaumbidwe kake anapeza kuti SHP2 ikakhala phee imadzitsekera yokha, chigawo choyamba cha SH2 chimapindikira n'kukhala ngati chivindikiro pakamwa pa PTP paja. Uthenga ukabwera, SH2 ija imasiya kuvindikira n'kupita kukagwira receptor kapena puloteni yothandizira, pakamwa paja n'kutseguka. Ndipo ikatseguka m'malo mozimitsa uthenga imaukankha, imathandiza RAS kukhala yoyaka, RAS n'kudzutsa RAF, RAF n'kudzutsa MEK, MEK n'kudzutsa ERK, mpaka uthenga ukafike pa DNA. Ntchito ikatha chivindikiro chimabwerera.

Mu Noonan syndrome enzaimu siinafe, vuto ndi loti chivindikiro sichikhala bwino. Kusintha kwambiri kumachitikira pomwe SH2 yoyamba imakhudzana ndi PTP kapena pafupi napo, makamaka mu zigawo za jini zotchedwa exon 3, exon 8 ndi exon 13, ndipo N308D ya mwana wathuyu ili mu exon 8, mbali ya PTP. Zotsatira zake enzaimu imatseguka mosavuta ndipo uthenga wa RAS umapitirira muyeso pang'ono, pang'ono chabe, koma kuyambira mwana ali m'mimba, m'maselo onse, nthawi yomwe mavalavu akuumbika, mitsempha ya lymph, yochotsa madzi m'minofu, ikuyalidwa, nkhope ikupangika. Madzi a kumbuyo kwa khosi pa sikani paja ndi lymph, khosi lalifupi ndi tsitsi lotsika ndi zipsera za kutupa komweko. Valavu yokhuthala ija n'chifukwa chake kabaluni sikanagwire bwino, poti valavu ya Noonan nthawi zambiri imakhala yonenepa, osati yongomatirira m'mbali ngati ya ana ena, nde ana amenewa amabwereranso kwa a mtima kawirikawiri. Ngakhale kufupika kuli ndi gawo lake apa, chifukwa SHP2 yotseguka imasokoneza uthenga wa growth hormone mkati mwa selo moti IGF-1, yomwe growth hormone imagwiritsa ntchito pokulitsa thupi, imakonda kukhala yotsika olo hormone yeniyeniyo ilipo yokwanira.

Matendawa anatenga dzina la Jacqueline Noonan, dokotala wa mtima wa ana wa ku America amene mu 1963 anafotokoza ana 9 a pulmonary stenosis okhala ndi nkhope zofanana. Kale ena ankangoti ndi Turner wa anyamata (Turner ndi vuto la makromozomu la atsikana), koma mu Noonan makromozomu amakhala abwinobwino ndipo amagwira anyamata ndi atsikana omwe, n'chifukwa chake 46,XY ija siinayenere kutseka nkhani. Jini inadziwika mu 2001 kudzera mu ntchito ya Marco Tartaglia ndi Bruce Gelb ndi anzawo, ndipo pafupifupi theka la anthu onse a Noonan vuto lawo lili pa PTPN11. Otsalawo ali pa SOS1, RAF1, RIT1, KRAS, LZTR1 ndi ena a njira yomweyo. Amati mwana mmodzi mwa 1000 mpaka 2500 amabadwa nawo, kutanthauza kuti aliyense amene wagwira ntchito ya ana zaka zingapo anawaonapo, kaya anawazindikira kaya ayi.

Chomwe ndinayang'anira kapamba ndi ma monocyte n'choti jini yomweyi ili ndi nkhope ina. Mu 2003 zinapezeka kuti PTPN11 ikasintha m'maselo a magazi okha mwana atapangika kale, ndi kusintha kwamphamvu ngati E76K, imayambitsa khansa ya m'magazi ya ana aang'ono yotchedwa JMML, ndipo pafupifupi mwana mmodzi mwa atatu a JMML ali ndi kusintha kotere. SHP2 ndi tyrosine phosphatase yoyamba kudziwika kuti ingathe kuyambitsa khansa. Makanda ena a Noonan, makamaka a T73I, amakhala ndi kuchuluka kwa maselo oyera ndi kapamba wotupa kofanana ndi JMML, koma nthawi zambiri kumazilala kokha, nde pamafunika a haematology, akatswiri a magazi, odziwa kusiyanitsa asanathamangire mankhwala amphamvu. Palinso kusintha kwina monga Y279C ndi T468M komwe kumafooketsa mpeni uja, ndipo kumabweretsa Noonan ya timadontho takuda tambirimbiri pakhungu, yomwe kale inkatchedwa LEOPARD syndrome, komwe mnofu wa mtima umakonda kukhuthala ndipo ena samva. Jini ndi imodzi koma malo omwe yasinthira ndi omwe amatiuza choti tiyang'anire, choncho pepala la labu muziliwerenga mpaka manambala aja, osangothera pa dzina la jini. N308D ili m'gulu la zofatsa, imapezeka kwambiri m'mabanja momwe kholo ndi mwana onse ali nayo, ndipo ambiri amaphunzira sukulu wamba.

Kuwauza makolo

Anabwera onse awiri, mayi ndi bambo. Nditangotchula mawu oti jini nkhope ya bambo inasintha, ndinazindikira kuti amva zina, nde ndinabwerera m'mbuyo n'kufotokoza kuti jini yomwe ndikunena ndi kachidutswa ka malangizo a kapangidwe ka thupi komwe tonse timatengera kwa makolo, kope imodzi kwa mayi ina kwa bambo, ndipo mwa mwana wawo kachilembo kamodzi kokha kanasintha, A kukhala G. Ndinalemba papepala zilembo ziwirizo kuti aone kuchepa kwake. Kenako ndinapempha ngati angalole kuti nawonso tiwayeze, ndipo ndinawafunsa mayi za iwo eni. Kutalika masentimita 146. Msambo wawo ndi wambiri kuyambira utsikana, pobereka mwanayu anataya magazi mpaka anawaika ena, ndipo atazulitsa dzino anakhala usiku wonse akulavula magazi. Zonsezi ankaona ngati ndi mmene analengedwera basi.

Zotsatira zinabwera, bambo alibe, mayi ali nayo N308D yomweyo. Ndinawauza ali limodzi monga anapemphera. Mayi anakhala chete nthawi yaitali akusisita mutu wa mwana, kenako anati, "Ndiye kuti adokotala, mavuto onsewa ndamupatsa ndine?" Funso limeneli ndinalikonzekera koma linandilemerabe. Ndinati, "Mayi, inunso munabadwa nayo osasankha, ndipo palibe chomwe munadya, munamwa kapena munalephera kuchita muli oyembekezera chomwe chinabweretsa zimenezi. Mwana aliyense amene mungabereke mwayi wotengera ndi theka, ngati kuponya ndalama m'mwamba, ndipo palibe munthu amene amasankha mbali yomwe igwere. Komanso taonani, inu mwakula nayo, mwaphunzira, muli pabanja, mukulera mwana bwino chonchi." Bambo anagwira dzanja la akazi awo n'kunena kuti bola tadziwa, ndipo ine ndinapuma chifukwa si nthawi zonse zimatha chonchi, ndaonapo nkhani za majini zikugawanitsa anthu, n'chifukwa chake sindimapereka zotsatira zotere pakhonde kapena pafoni.

Ndinawauzanso mosabisa kuti kukula kwa vuto sikutengera, mayi akhoza kukhala ndi zochepa mwana n'kukhala ndi zambiri, kapena mosinthanitsa, olo kusintha kwa jini kuli kumodzimodzi. Amafuna mwana wina, nde ndinawatumiza kwa alangizi a za majini asanaime, ndipo mimba ikadzabwera azamba adzadziwiretu za magazi aja.

Zomwe tinachita

A haematology anamuona mwana n'kukonza dongosolo, tranexamic acid, mankhwala ochepetsa kutaya magazi, asanalowe mu fiyeta ndi masiku angapo pambuyo pake, plasma ili pafupi ngati ingafunike. Tinakumbutsana kuti pa factor XI nambala ya labu siimaneneratu bwino amene adzakhe magazi, mbiri ya munthu ndi yomwe imalankhula kwambiri, ndipo mwanayu mbiri anali nayo. Ogoneka anthu tinawachenjeza za khosi lalifupi ndi valavu. Aspirin ayi, ibuprofen tinapewanso, ululu tinathana nawo ndi paracetamol. Machende onse awiri anatsitsidwa, pabala panangonyowa pang'ono usiku woyamba, plasma siinafunike, ndipo anatuluka patatha masiku awiri. Makolo ndinawauza kuti kuchedwa kutsika kwa machende komanso Noonan yeniyeniyo zingachepetse mphamvu yobereka mwa amuna ena, nde akadzatha msinkhu tidzaonanso nkhani imeneyi.

Makutu anayezedwa, muli timadzi kuseri kwa nembanemba mbali imodzi, akumutsatira. A maso anamupatsa magalasi ndipo akuyang'anira chikope kuti chisatseke diso mpaka kulifooketsa. Msinkhu tsopano tikulemba pa matchati awiri, la ana onse ndi la ana a Noonan, ndipo pa lachiwirili ali pakati penipeni, zomwe zinawakhazika mtima pansi mayi amene zaka zonsezi ankauzidwa kuti mwana sakumudyetsa mokwanira. Za growth hormone takambirana koma sitinayambe. Ku America anaivomereza pa Noonan mu 2007 ndipo ana ambiri imawaonjezera msinkhu, koma ine maganizo anga ndi oti tisathamange, tione kaye mmene akukulira chaka chimodzi chathunthu, a mtima atsimikizenso kuti mnofu sukukhuthala, kenako a mahomoni akambirane ndi makolo modekha chifukwa ndi jakisoni wa tsiku lililonse kwa zaka zambiri. Bambo anawerenga pa intaneti za mankhwala otseka SHP2 n'kufunsa ngati mwana angalandire. Ndinawafotokozera kuti mankhwala amenewo, kuyambira SHP099 yomwe a Novartis analengeza mu 2016, amagwira ntchito pomata chivindikiro chija kuti chisatseguke, ndipo amapangidwira khansa, si a mwana wothamangathamanga ngati wawoyu. Trametinib, yotseka MEK, yagwiritsidwapo ntchito pa makanda a Noonan odwala kwambiri mtima kapena lymph zina zonse zitakanika, ndipo mwana wawo ali kutali ndi zimenezo.

Mayi nawo anapita ku eko koyamba m'moyo wawo ali ndi zaka 29. Ali ndi pulmonary stenosis yochepa yosafuna chilichonse pakadali pano kupatula kuitsatira, factor XI yawonso ndi yotsika, magazi anali ochepa nde ayamba ayironi, ndipo a matenda a amayi akuwathandiza za msambo.

Ulendo womaliza, miyezi 6 chichitikire opaleshoni, mwana anali masentimita 91, magalasi ali pamphuno, akulimbana ndi stethoscope yanga kufuna kumvera mtima wa bambo ake. Mayi anatulutsa chithunzi chakale m'chikwama, malemu bambo awo ali mnyamata, n'kuchiika padesiki osanena kanthu. Munthu wamfupi pakati pa anzake, chibwano chodzutsa, zikope zolendewera. Anati mchemwali wawo ali ndi ana awiri ndipo wamng'onoyo amavuta kuyamwa, nde ndinalemba kalata yofotokoza dzina la jini ndi kusintha kwake kuti akapereke kwa dokotala wa mwanayo, ndi mzere umodzi pansi woti asamuchite opaleshoni iliyonse asanayeze kuundana kwa magazi. Mwana wathu abweranso pakatha miyezi 6 kudzayeza msinkhu, eko yotsatira ndi chaka chamawa.